Thewera la Mwana wa Eni

Chaka chimene amuna anga analembedwa ntchito ku mgodi wa malasha ku Moatize, banja lathu lonse linagwidwa ndi matenda amodzi. Tinayamba kukhulupirira kuti dziko lonse likutichitira nsanje. Munthu akatipatsa moni mosangalala, tinkati akutizonda. Akapanda kutipatsa moni, tinkati waonekera poyera. Ngakhale nkhuku ya eni ikalowa pabwalo, amayi anga ankaiyang'ana ngati yachita kutumidwa. Ndipo nsanjeyo inali ya chiyani? Firiji imodzi, sofa yosachotsa pulasitiki, ndi yunifolomu ya mizere yowala imene amuna anga ankavala ngakhale tsiku lopuma, kuopa kuti wina mumsewu angaiwale kumene amagwira.

Ine ndinabadwira ku Malawi, makolo atathawa nkhondo. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu ku Zóbuè ndili kamtsikana, ndipo amayi anayamba kugulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi kwa madalaivala a malole amene amatha masiku pamzere podikira kudutsa malire. Amayi anabereka ana asanu ndi mmodzi, ena pothawa, ena mumsasa wa othawa nkhondo, ndipo sanaikepo m'manda ngakhale mmodzi. Pa nkhani ya ana panalibe wowatsutsa. Koma ine ndinaphunzira mpaka kalasi ya khumi, Chipwitikizi ndinkachilankhula mosadodoma, ndipo ndinkadziona ngati munthu amene anasiya zachikale kalekale. Ndikunena zimenezi kuti pasapezeke wina wondimvera chisoni n'kumati, mayi wosaphunzira, sankadziwa.

Mimba yoyamba ndinapita padera, patangotha miyezi yochepa amuna anga atayamba kuyendetsa zigalimoto zikuluzikulu za mumgodi ku Chipanga, ku Moatize komweko. Achipatala anati zimachitika. Amayi anati sizichitika zokha. Pa mayankho awiriwo ndinasankha la amayi, chifukwa linkandipatsa munthu woti ndidane naye, ngakhale sitinkamudziwa nkhope. Choncho mimba yachiwiri itakula ndinakwera shapa, minibasi zathu zija, kupita ku Zóbuè kukachirira kwa amayi, kutali ndi fumbi la malasha ndi maso a anthu oyandikana nawo.

Anabadwa mtsikana, wolemera bwino, wa tsitsi lambiri. Titatuluka m'chikuta, maso ake anali achikasu. Aliyense anali ndi nzeru yake. Azakhali anati tizimuika padzuwa la m'mawa. Mayi wina wa kutchalitchi anati tizimupatsa madzi a shuga. Amayi anati ana onse a pabanja pathu amabadwa oyera n'kudzada pambuyo, ndipo ndisamachite ngati ndine woyamba kubereka pa dziko lapansi. Tinamuika padzuwa m'mawa uliwonse kwa sabata zinayi. Khungu linadadi, koma maso sanasinthe. Chinanso ndinkachiona ndekha pochapa matewera. Chimbudzi chake chinali chotuwa ngati phala la ufa woyera, ndipo mkodzo unkasiya banga ngati la tiyi. Ndinkachapa msangamsanga monga tinaphunzitsidwira, chifukwa thewera la khanda silichedwa pamaso pa anthu.

Ku sikelo, pa kachipatala ka kwathu, kunali namwino wina wachikulire ndithu amene tonse tinkangomutchula kuti infirimera. Anali mayi wa mawu ochepa, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Tsiku limenelo, akumuvula mwana kuti amuyeze, anaona kadiresi kake kogula m'sitolo ndipo anaseka pang'ono. "Ana a malasha amadziwika ndi zovala," anatero. Kenako anamutsegula diso ndi chala, kuseka kuja n'kutha.

"Mama, chimbudzi chake chimaoneka bwanji?"

"Bwinobwino," ndinayankha. Sindinafune kunama. Ndinangoona kuti si funso lofunsa pagulu, azimayi ena ali tcheru pabenchi.

"Mawa mubwere ndi thewera limene wachitiramo. Musalichape. Ndikufuna ndione mtundu wake ndi maso anga. Karitawu ya mwana isiyeni pano, mudzaitenga mawa lomwelo."

Ndinafika kunyumba wopanda kadi ya sikelo ija, ndipo ndinawapeza amayi akusankha mbatata pakhonde. Nditawafotokozera, manja anaima.

"Wati ubwere ndi chiyani?"

"Thewera, amayi. Akufuna aone mtundu."

"Mtunduwo sungamuuze ndi pakamwa? Iwe, xikola ija, sukulu yako ija, inakuchotsa nzeru. Chimbudzi cha khanda amapatsa munthu? Akapana kachidutswa m'chikhadabo, akamanga nako, mwana azifota iwe ukuona. Ndipo mayi ameneyo mwana wake anakapempha ntchito ku mina, ku mgodi kuja, kawiri konse, sanamutenge. Wati chiyani paja za zovala?"

Ndinabwereza mawu aja a ana a malasha. Powabwereza, ine mwini ndinawamva akulemera kuposa mmene analili pa sikelo.

"Wadzimvera wekha," amayi anatero, n'kupitiriza kusankha mbatata.

Koma kadi inali itatsala kuchipatala, ndipo popanda thewera sikanabwera. Amayi sankasowa njira. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala banja lina lobwera. Mwamunayo ankagwira ntchito yoyendetsa mapepala a katundu pamalire, ndipo anali ndi khanda lamwamuna la msinkhu wofanana ndi wanga. Ankaliveka matewera ogula aja ongotaya, amene kwathu timati mafiralida. Mkaziyo anali wa ku Beira, za kubisa sankazidziwa kapena sankazisamala, ankangowaponya padzala. Amayi ankamunena tsiku ndi tsiku chifukwa cha uve umenewo. Tsikulo uvewo unasanduka dalitso.

Ndinafunsa funso limodzi lokha, kuti nanenso ndioneke kuti ndili ndi chikumbumtima. "Nanga akakamanga mwana wa eniyo?"

"Ali ndi amake," amayi anayankha.

Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwambi umenewo kwathu unali usanafike.

M'mawa mwake ndinapita padzala paja ndekha. Palibe anandikoka dzanja. Ndinatokosa ndi kamtengo pakati pa makoko a nthochi ndi ntchentche, ndinatsegula mafiralida atatu, n'kusankha latsopano, lokongola kuposa onse, la chimbudzi chachikasu ngati dzungu lakupsa. Ndinachipala ndi kamtengo komweko n'kuchipaka pa thewera lansalu la mwana wanga, pakati penipeni, mwaluso, kuti chioneke ngati chachokera komwe chimayenera kuchokera. Kalasi ya khumi inagwira ntchito yake pamenepo.

Infirimera analitenga theweralo n'kupita nalo pakhomo pamene panali kuwala. Analiyang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Kenako anapuma mozama, nkhope n'kumasuka.

"Tithokoze Mulungu, mama. Ndinali ndi mantha. Chikanakhala choyera, bwenzi lero lomwe ndikukulemberani kalata ya ku Tete, chifukwa zimenezo sizidikira. Koma ichi n'chabwino. Pitirizani kuyamwitsa, chikasu chitha chokha. Chikapanda kutha mwezi uno, mubwerenso."

Mawu akuti choyera ndinawamva. Sindinganame kuti anandidutsa. Anandigunda pamtima, ndipo pakamwa panga panatseguka pang'ono. Koma kumbuyo kwanga kunali mzere wa azimayi ondidziwa, ndipo kuti ndinene zoona ndinafunika kuyambira padzala la eni. Ndinatseka pakamwa. Analemba m'kadi kuti chimbudzi chili bwino, anandibwezera thewera lonse osachotsapo kanthu, ine n'kutuluka. Amayi anandilandira ngati ndawina mlandu.

Mwezi uja sindinaumalizire ku Zóbuè. Amuna anga anabwera ndi galimoto yobwereka kudzatitenga, akuliza hutala kuyambira kumsewu kuti pasakhale wosadziwa. Ku Moatize kunkatentha ngati mu uvuni, ndipo fumbi lakuda linkagwa pa chilichonse, moti thewera ukaliyanika loyera unkalianula lotuwa. Amuna anga anathetsa vutolo pogula mafiralida a paketi yaikulu, n'kuwonjezerapo zitini za mkaka, poti mwana wa munthu wa ku mgodi sangadalire bere lokha ngati mwana wa mlimi. Tsiku lina anandipeza ndikumusintha mwana ndipo anaona chimbudzi chija. Ndinadikira kuti achite mantha, kuti mantha anga apeze mnzake. Iwo anasangalala.

"Mayi a mwana, mwaona ubwino wa mkaka wodula? Ngakhale zotuluka zake n'zaukhondo."

Mawuwo ndinawalandira ndi manja awiri, chifukwa ankandipatsa mtendere. Ndinkadziwa kuti chimbudzicho chinali choyera zitini zisanabwere, koma mtima ukafuna kunamizidwa suvuta.

Sabata zinapita. Maso anachoka pa chikasu n'kuyamba kubiriwira. Mimba inatupa, timiyendo n'kuonda. Ku sikelo ya ku Moatize ndinajombako kawiri, ndinkati dzuwa lanyanya. Azimayi oyandikana nawo ankamuyang'ana mwanayo n'kukhala chete, ine n'kumati, taonani nsanje ija. Tinapita naye kwa mneneri wina wa kuseri kwa njanji. Anatseka maso, ananjenjemera, n'kunena kuti pali munthu wapafupi kwambiri amene anachita zoipa ndi thewera la mwana. Amuna anga anayamba kutchula mayina a abale awo mmodzimmodzi. Ndikuvomereza kuti pa aneneri onse amene ndawaonapo, ameneyo yekha sanaphonye.

Ali ndi miyezi itatu ndi theka anatentha thupi, ndipo tinawoloka naye mlatho kupita kuchipatala ku Tete. Tinapeza dokotala wamkazi amene analibe nthawi yopempha thewera la mawa. Anangomugoneka mwanayo n'kumasula lomwe anavala. Anayang'ana kamodzi kokha.

"Zayamba liti izi?"

"Kale pang'ono," ndinatero.

Anamuyeza magazi, anamuunika m'mimba, ndipo patatha masiku atatu tinali ndi kalata ya ku Maputo. Kampani ya amuna anga inatikweza ndege. Kuyambira ndili mwana ndinkalakalaka kukwera ndege, ndipo ndinkaganiza kuti tsiku limenelo Zóbuè yense adzamva. Ulendo wonse sindinasuzumire pawindo.

Ndulu ndinkaidziwa monga aliyense amaidziwira. Ndi kathumba kobiriwira kamene timachotsa mosamala pa chiwindi cha nkhuku kapena mbuzi, chifukwa kakaphulika nyama yonse yawawa. Ndinkaiona ngati chinthu chimene Mulungu anaikamo kuti tizitaya. Dokotala wa opaleshoni ku Maputo, bambo wa imvi wooneka wotopa, anatijambulira papepala. Anati chiwindi chimapanga ndulu, ndulu imatsika ndi kanjira kupita m'matumbo kukathandiza kugaya chakudya, ndipo ndiyo imapatsa chimbudzi mtundu wake. Mwa mwana wathu kanjirako kanali kotseka. Ndulu inkangodzazana m'chiwindi n'kumachiwononga pang'onopang'ono. Palibe anamulodza, palibe chimene ndinadya ndili ndi pakati, zimangochitika. Chimene akanachita ndi kudula thumbo n'kulisokerera pachiwindi penipeni kuti ndulu ipeze potulukira.

"Opaleshoni imeneyi imathandiza kwambiri mwana akakhala asanapitirire miyezi iwiri," anatero. "Wanuyu akuyandikira inayi. Chiwindi chayamba kale kuuma. Tiyesa."

Kenako anatsegula kadi ya sikelo ija, anawerenga, n'kukwinya nkhope. "Ndani analemba kuti chimbudzi chili bwino ali ndi mwezi umodzi? Sizikanatheka. Akanamutumiza tsiku limenelo, bwenzi tikukamba zina."

Amuna anga anatenga kadiyo n'kuwerenga okha, milomo ikuyenda. Ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukutukuka. Ine ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga.

Opaleshoni inachitika. Patapita masiku angapo ndinatsegula thewera n'kupeza kamtundu kobiriwira pang'ono, kosakhwima, koma mtundu ndithu. Ndinayenda nalo wodi yonse. Ndinaonetsa anamwino, ndinaonetsa mayi wokolopa, ndinaonetsa ngakhale bambo wina amene anangobwera kudzazonda mwana wa mlongo wake. Ine yemwe uja wobisa. Ndinasangalala sabata ziwiri, kenako thupi linatentha, maso n'kuyambanso kuchita chikasu.

Amene anandifotokozera za kutenthako anali dokotala wina wachitsikana, amene tonse m'wodimo tinkamutchula kuti dotora. Anakhala pamphepete pa bedi, chinthu chimene madokotala sachita kawirikawiri.

"Mama, m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tosawerengeka. Tina ndi toipa, koma tambiri ndi tabwino."

Ndinaseka. Moyo wanga wonse, kuyambira kumsasa wa othawa nkhondo, anthu ovala zoyera ankatiuza kuti tizilombo ndi adani. Wiritsani madzi, sambani m'manja, vundikirani chakudya. Ine ndinafika powiritsa botolo la mkaka kawiri. Lero munthu wovala zoyera akundiuza kuti pali tizilombo tina ta makhalidwe abwino.

Dotora sanakhumudwe. Anati tabwinoto timathandiza khanda kugaya mkaka ndipo timadzaza malo kuti toipa tisapeze pokhala. Anati ndulu ndi imene imasungitsa mwambo m'matumbomo, ngati mlonda wa pamsika. Matumbo akakhala miyezi opanda ndulu, toipa timachulukana, tabwino n'kuchepa. Ndipo popeza thumbo tsopano linali litasokeredwa pachiwindi, toipato tinali titapeza msewu wokwerera mpaka kuchiwindi komweko, ndiye kutentha thupi kuja. Mankhwala opha toipa analipo, koma sasankha, amaphanso tabwino. Choncho ankatipatsanso timapaketi ta ufa wokhala ndi tizilombo tabwino tamoyo, toti ndizisungunulira mumkaka. M'mawa ndinkamupatsa mwana mankhwala opha tizilombo, masana n'kumupatsa tizilombo.

"Mukuyamwitsabe?" anandifunsa. "Tabwinoto timakonda kwambiri mkaka wa m'mawere."

Bere linali litauma kalekale. Zitini zodula zija zinali zitagwira ntchito yake.

Tsiku lina dotora anabwera ndi timabotolo ta zivindikiro ndi pepala. Anati akufuna sabata iliyonse azitenga kachimbudzi pang'ono ka mwana, kuti aziona kuti ndi tizilombo titi tikuchuluka. Anafotokoza mwaulemu kwambiri. Anati akudziwa kuti kumadera ena anthu sakonda kupereka zinthu zotere, ndipo ndili ndi ufulu wokana, chithandizo cha mwana sichisintha. Ndinamuyang'ana mtsikanayo, misozi n'kuyamba kutsika yokha. Ndinamuuza kuti atenge, tsiku lililonse ngati akufuna, ndi thewera lomwe. Anadabwa kuti wandikhumudwitsa pati.

Amayi ndinkalankhula nawo pa foni Lamlungu lililonse. Ndinawauza za timabotolo.

"Ukuwapatsa? Sabata iliyonse? Ndiye ukudabwa chiyani kuti mwana sakuchira?"

"Amayi, chikanakhala kuti tinapereka tsiku lija..."

"Tsiku lija tinamupulumutsa. Pano wamupereka wekha kwa anthu osawadziwa, ndipo akuti akum'mwetsanso tizilombo. Ine ndinalera asanu ndi mmodzi m'tchire, palibe anamwapo kachilombo."

Ndinadula foni. Kanali koyamba chibadwire kuwadula amayi mawu. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa anali atagonera miyezi inayi, ndipo anali atasasa.

Titabwerera ku Moatize, chinthu choyamba chimene amuna anga anachita tsiku lawo lopuma chinali kuvala yunifolomu, kutenga kadi ija n'kupita ku Zóbuè. Anakamupeza infirimera ali pa sikelo, mzere wa azimayi uli pabenchi. Anamuwerengera mokweza zimene analemba. Anamuuza kuti ndi wakhungu, kuti wapha mwana chifukwa cha nsanje, kuti magalasi akewo akawataye kuchimbudzi. Akuti mayiyo anangotenga kadiyo n'kumaiyang'ana. Amuna anga anabwerako madzulo ali opepukidwa, n'kundifotokozera mawu aliwonse kawiri. Ine ndinawaikira madzi osamba.

Mwana wathu anakhala chaka chimodzi ndi miyezi isanu. Sindifuna kuti akumbukiridwe ngati matenda okhaokha. Ankakonda sitima ya malasha. Ikalira patali ankasiya chilichonse, ngakhale kulira kumene, n'kutukula chala. Ankakonda kuyamwa njere ya mango mpaka kuiyeretsa. Ankaseka ndi thupi lonse, kamimba kotupa kaja kakugwedezeka, bambo ake akamavula chipewa cha kuntchito n'kumuveka. Kuyenda sanayendepo. Khungu linkamuyabwa kwambiri moti ndinamusokera timatumba tansalu tovala m'manja kuti asadzikande mpaka magazi, ndipo iye anaphunzira kutivula ndi mano ake anayi. Anali ndi mtima wapachala ngati wanga. Ndinkamukonda kuposa chilichonse chimene ndinakondapo, ndipo tsiku lililonse pomusambitsa ndinkadziwa chimene ndinamuchita.

Mlatho wa ku Tete tinauwoloka kosawerengeka. Thupi likatentha, chipatala, mankhwala a m'mitsempha, sabata imodzi kapena ziwiri, kenako kunyumba ndi timapaketi ta tizilombo tabwino. Ndinasanduka katswiri wa matewera. Ndinkatha kusiyanitsa chikasu cha chiyembekezo ndi chikasu chongonamiza, ndipo ndinkaona mtundu ukuzilala mwezi ndi mwezi kubwerera ku phala loyera lija. Nditamva za tizilombo ndinayamba kutilankhula pomusisita pamimba. Ndinkatiuza tabwinoto kuti tilimbe mtima, tisathawe, ndikudziwa kuti malo ndi ovuta koma tipirire. Mayi wa kalasi ya khumi, amene ankaseka anthu olankhula ndi mizimu.

Dokotala wa ku Tete uja, amene anamasula thewera osapempha, ndi amene anatiuza kuti chotsala ndi kumuika chiwindi china, ndipo zimenezo m'dziko mwathu sizichitika. Amuna anga anafunsa ku kampani, anafunsanso, mpaka anasiya kuvala yunifolomu tsiku lopuma. Tsiku lina nditatsala ndekha ndi dokotalayo ndinamufunsa.

"Dotora, tikanabwera ali ndi mwezi umodzi, akanachira?"

Ndinkafuna andinamize. Ndi ntchito yochepa kunamiza mayi, anthu amachita tsiku lililonse.

"Sindingalumbire," anatero. "Ena amabwera msanga koma chiwindi chimakanabe. Koma akanakhala ndi mwayi woposa uwu. Ambiri obwera msanga amakula, amapita kusukulu."

Ndinathokoza. Kwathu timathokoza chilichonse.

Anamwalira m'mawa wina wa nyengo yotentha, ali m'manja mwanga, pabedi la chipatala. Tinakamuika ku Zóbuè. Anthu anabwera ambiri, onse ansanje aja. Anabweretsa nkhuni, ufa, nyemba, anatunga madzi, anagona pansi masiku awiri. Mkazi wa ku Beira uja anabwera atabereka kamnyamata kake, konenepa, kovuta, kakukoka mipango ya anthu. Palibe chimene chinakachitikira.

Tsiku lachiwiri, titachokera kumanda, ndinali m'nyumba ya siwa pamphasa, amayi ali pambali panga, azimayi atadzaza mpaka pakhomo. Ndinamva kung'ung'udza kukutha pang'onopang'ono kuyambira panja. Analowa infirimera, atavala nsalu yakuda, wopanda yunifolomu. Anali ataonda. Anayenda chogwada pakati pa miyendo ya anthu mpaka anafika pamaso panga, n'kuika manja ake pamapazi anga.

"Mama, ndabwera kudzapepesa. Thewera lija ndimaliona tsiku lililonse. Ndimati kapena anali magalasi, kapena kuwala kwa pakhomo paja, sindidziwa. Ndinaliona lachikasu, Mulungu ndi mboni. Zaka zonsezi sindinaphonyepo chotere. Ndinapempha kuti andichotse pa sikelo, maso angawa sindiwakhulupiriranso. Mwana wanu ndinamulakwira ine. Mundikhululukire."

Amuna anga anali ataima kunja pafupi ndi windo, ndinkaona phewa lawo. Bondo la amayi linakhudza langa n'kukanikiza pang'ono. Sanafunike kutero. Mawu anali okonzeka pakamwa panga, mawu anayi okha, akuti chimbudzi chija sichinali chake. Mwana anali atapita, panalibenso womuteteza kwa mfiti, kwa nsanje kapena kwa tizilombo. Wotsala woti nditeteze ndinali ine ndekha.

Ndinagwira manja a mayiyo n'kuwachotsa pamapazi anga.

"Ndakukhululukirani, mama," ndinatero.

Azimayi anayamba kulira mokweza, wina n'kuyambitsa nyimbo. Infirimera anandikumbatira akuthokoza. Mawa lake nkhani inali itafika mpaka pamzere wa malole, kuti mwana wa mayi wa mbatata uja ali ndi mtima wa Mulungu. Mpaka lero kutchalitchi kwathu akamaphunzitsa za kukhululuka amatchula ine, ndipo azimayi achitsikana amatembenuka kundiyang'ana.

Infirimera sanabwererenso pa sikelo. Anamwalira patapita zaka zitatu, akudziwabe kuti anapha mwana wanga. Pa maliro ake abale ake anandipempha kuti nditsogolere pemphero, poti ndine amene ndinamupatsa mtendere. Ndinatsogolera.